Amatironi ndi Koleji Yotchipa

Kubanja la amuna anga, mwana akakhoza mayeso, nkhani ya koleji imakambidwa pabalaza pa achimwene awo aakulu. Iwowo anagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi mpaka kupuma, choncho aliyense amakhulupirira kuti amadziwa kuyeza zinthu. Amakhala pampando wawo wapafupi ndi windo, magalasi ali pamphuno, foni ili m'manja, n'kumayerekeza makoleji atatu amene ana a banjali amalemberako: ya kumapiri, ya kumzinda waukulu, ndi ya m'tauni mwathu muno.

Ya kumapiri amati aphunzitsi ake ndi akhama, koma ulendo wake ndi wautali ndipo mwana amafunika majuzi ndi mabulangete. Ya kumzinda amati pepala lake limalemekezeka, bwana akaliona amakupatsa mpando, koma hositelo yake imadula ngati hotela. Ya kuno tonse timaidziwa. Denga la laibulale limadontha, makompyuta ambiri anafa kalekale, ndipo ana otuluka kumeneko timakumana nawo pamsewu atanyamula maenvulopu, nsapato zitatha kumbali. Komabe chaka ndi chaka ndiyo inkapambana.

"Kunoku kuli achemwali," ankatero achimwenewo akuvula magalasi. "Kogona palibe cholipira, chakudya palibe cholipira. Tingosaka fizi basi."

Achemwaliwo ndi alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga. Mawuwa akamanenedwa, iwo kawirikawiri sankakhala pabalazapo. Ankakhala kukhitchini limodzi ndi ife akazi okwatiwa m'banjamo, akutsuka makapu a tiyi wa msonkhano womwewo.

Anakwatiwa ali aang'ono ndi dalaivala wa malole, yemwe anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo akuyamba kumene kuyenda. Anawasiyira nyumba ya zipinda zitatu kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, pafupi kwambiri ndi geti la koleji. Nyumbayo ikanakhala kwina, moyo wawo ukanakhalanso wina. Ntchito anaipeza kuhotela, kochapira zovala, m'chipinda chapansi chopanda mawindo momwe nthunzi imachita kudontha kuchokera kudenga. Ankaimirira tsiku lonse akusita nsalu za pabedi, za patebulo, ndi malaya a alendo amene sanawaonepo nkhope.

Woyamba kubwera kudzakhala nawo anali mwana wamwamuna wa achimwene aakulu aja, yemwe lero timangomutchula kuti Wabanki poti amagwira ntchito kubanki kumzinda. Ndiye anawapatsa dzina. Anzake okhala m'hositelo akamadandaula za mayi wowayang'anira kumeneko, iye ankati, "Ine matironi wanga ndi azakhali, ndipo samazimitsa magetsi." Dzinalo linakanirira. Atachoka iye kunabwera wina, kenako awiri nthawi imodzi, kenako mwana wa msuweni wa winawake amene ubale wake tonse tinalephera kuulondola. Chipinda chakuseri sichinazizirepo.

Amatironi anali ndi lamulo limodzi. Mwana wasukulu sagwira mbale, sagwira tsache, sachapa ngakhale sokosi. "Mwabwera kudzawerenga, simunabwere kudzakwecha mapoto," ankatero. Iwowo anasiyitsidwa sukulu ali mtsikana kuti ndalama zikwanire ana aamuna, ndipo buku ankaliona ngati chinthu chosafunika kuyandikana ndi madzi. Ankadzuka kusanache kuphika tiyi ndi kufunditsa madzi osamba, kupita kuhotela, n'kubwerako madzulo kudzapeza mbale za masana zikuwadikira m'beseni. Munthu wosita tsiku lonse ankafika n'kuyatsanso simbi kuti ana asakaoneke ngati alibe kwawo.

Makolo a anawo mwezi woyamba ankatumiza thumba la mpunga. Miyezi yotsatira ankatumiza moni. Sopo, shuga, magetsi, mankhwala a mutu nthawi ya mayeso, palibe ankazitchula pabalaza paja, chifukwa zinthu zimenezi sizilembedwa pa chikwangwani cha koleji iliyonse. Wina anali ndi zilonda za m'mimba, ankafunika kumuphikira zake zapadera. Wina ankabwera ndi anzake atatu pa chakudya cha masana. Wina anatenga mimba, ndipo bambo ake anaimba foni n'kufunsa alamu anga kuti ankayang'ana kuti.

Tsiku lomaliza maphunziro likafika, mkanjo wakuda uja ankasita ndi iwo, mosamala, atayala kansalu konyowa pamwamba kuti usanyezimire. Makadi olowera muholo amaperekedwa awiri okha, a bambo ndi mayi. Amatironi ankatsala kunyumba kuphikira alendo. M'nyumba za banjali muli zithunzi zambiri za ana ovala mikanjo, ndipo ndaziyang'ana zonse. Mkanjo uliwonse ndi wosalala bwino, koma wosita mulibemo.

Mwana wawo wamkazi anakulira pakati pa zonsezi. Ana akoleji ankamutchula kuti Kamatironi. Ankagona ndi mayi ake, chipinda chinacho chili cha alendo, ndipo lamulo lija iye silinkamukhudza ngakhale nayenso anali pasukulu. Ankatsuka, ankakolopa, ankathamangira kugolosale. Akamaliza ankakhala pakona ya tebulo n'kumawerenga mapepala amene akuluakuluwo ataya. Ine ndimasoka mayunifolomu pakhonde la sitolo ina mumsewu womwewo, ndiye ndinkamuona akudutsa, buledi kukhwapa, buku kumaso, osaona ngakhale njinga.

Chaka chake chitafika anakhoza kuposa onse amene anawatsukirapo mbale. Anapatsidwa malo kuwiri. Kuno anamutenga za bizinesi. Kumzinda anamutenga maphunziro ojambula mafupa ndi zifuwa pa makina a kuchipatala, ndipo mtima wake unali kumeneko.

Achimwene aakulu sanachedwe nazo. "Apa palibe chovuta. Mwana ali kale pakhomo. Ndani amasiya mpopi pakhomo n'kukagula madzi kutsidya?"

"Amalume," anatero Kamatironi ataima pakhomo lolowera kukhitchini, "amene anaphunzira za bizinesi kuno ndikuwadziwa onse. Awiri akugulitsa zovala zakale, mmodzi ali kwa mayi ake akuonera mpira."

"Iii, kamwanaka kali ndi pakamwa," anatero amuna anga, anthu n'kuseka.

"Pakamwa salipirira hositelo," anayankha achimwene aja. "Fizi tikhoza kusonkherana, ine sindikukana. Koma kogona kumzinda? Iwe ukudziwa kuti bedi limodzi kumeneko ndi mtengo wa nyumba yathunthu kuno?"

Pamenepo Amatironi analowa, manja akudontha madzi. Pa zaka zonse zimene ndakhala m'banjali, aka kanali koyamba kuwamva akulankhula pamsonkhano wa koleji.

"Achimwene, kumzinda kuli mwana wanu."

Achimwenewo anamuimbira foni mwana wawoyo n'kuikweza mawu kuti tonse timve.

"Amatironi! Mayi anga achiwiri!" anafuula Wabanki. "Imeneyonso ndi nkhani yochita kufunsa? Msuweni wanga abwere, nyumba ndi yake. Mungomuuza kuti tianyamata ta kukoleji ndikatiwona pageti ndidzatithira madzi."

Onse anaseka, ena mpaka kuwomba m'manja. Ine ndinali pafupi ndi foniyo nditanyamula thireyi, ndipo ndinamva mawu a mkazi chapatali akufunsa kuti, "Ndiye azikagona pati?" Kenako kunamveka ngati wina waphimba foni ndi dzanja.

Pobwerera kunyumba ndinayenda ndi alamu anga. Sindine munthu wolowerera za eni, koma ndinayesa.

"Alamu, bwanji chipinda chakuseri chija muikemo ana olipira? Ambiri amasowa malo pafupi ndi geti. Ndalama yakeyo ikathandize hositelo, mwana akakhale ndi anzake."

"Chipinda chija ndalonjeza kale mwana wa achimwene apakati. Ndikawauza chiyani?"

"Nanga mwafunsa kuti kumzindako mbale azikatsuka ndani?"

Anaima n'kundiyang'ana ngati ndatukwana. "Alamu, uja anadya za m'manja mwanga mpaka kumera ndevu. Akudziwa mmene mwana wasukulu amasungidwira."

Ankakhulupiriradi zimenezo. Sanagonepo m'nyumba ya munthu wina ngati mlendo wa miyezi. Ankaganiza kuti mmene iwo ankachitira ndi mmene nyumba iliyonse imachitira, kuti kulikonse kuli mayi amene amadzuka yekha n'kuwasiya ana ndi mabuku awo.

Mphatso yanga kwa Kamatironi inali khoti yoyera yovala kuchipatala. Ndinaisoka ndekha, ya matumba akuluakulu monga anapemphera. Ananyamuka ndi chikwama chimodzi, mayi ake n'kubwerera kukayala bedi lakuseri.

Miyezi yoyamba mafoni anali aafupi. "Ndili bwino amayi, ndikuwerenga." Nthawi zina kunkamveka mwana akulira pafupi kwambiri, ngati ali pamsana pa woyankhulayo. Wabanki ndi mkazi wake anali ndi mapasa aang'ono. Amatironi ankati ana amenewo amukonda msuweni wa bambo awo.

Pa tchuthi Kamatironi anabwera ataonda. Anadutsa pakhonde panga kudzandipatsa moni, ndipo ndinamuuza kuti abweretse khoti ija ndiichepetse, isamamulendewere ngati ya ngongole. Anazengereza, koma mawa lake anabwera nayo. Nditaitembenuza ndinapeza mzere wa choko changa udakali pampendero. Kolala inali youma gwa ngati yochokera pamakina dzulo. Chovala chimene munthu amavala tsiku ndi tsiku n'kumachichapa sichisunga choko.

"Iwe, khoti iyi umaivala?"

"Nthawi zina, anti."

"Khala pansi apo. Nthawi zina ndiye kuti chiyani?"

Anakhala pa mpukutu wa nsalu n'kuyamba kufotokoza, maso ali pa zala zake. Chipinda chimene anamupatsa chinali cha mtsikana wantchito, ndipo mtsikanayo anachotsedwa sabata yomwe iye anafika. Palibe anamuuza kuti walowa m'malo mwake. Zinangoyamba ndi "tandigwirireko mwanayu ndisambe," kenako "poti ukudutsa komweko, uwasiye ku nazale." Koma sukulu ya mkakayo imatsegula mochedwa, pomwe kuchipatala ophunzira amafunika m'mamawa, nthawi imene odwala ojambulidwa amakhala pamzere. Iye ankafika mzere utatha, makina atazimitsidwa, woyang'anira atatseka kale kaundula wa maola a tsikulo. Madzulo ankathawa kalasi yomaliza kuti akatenge anawo. Za m'mabuku ankakhoza, chifukwa ankawerenga akugwedeza mwana ndi phazi. Koma kukoleji anamuitana n'kumuuza kuti maola ake a kuchipatala ndi operewera kwambiri. Akapanda kuwakwaniritsa teremu ikubwerayi, mayeso salemba, ndipo malo ake apatsa wina.

"Bwanji sunakane?"

"Ndikane bwanji, anti, ndikudya chawo?" Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. "Ine ndinakula ndikudziwa kuti m'nyumba mukakhala mwana wasukulu, pamafunika wina wotsuka. Kumeneko wasukulu ndine, wotsukanso ndine. Amayi musawauze. Angodwala nazo."

Sindinamulonjeze kanthu. Tsiku lotsatira ndinatseka makina masana n'kupita kukhomo lakumbuyo kwa hotela, kumene amatsitsira mabotolo. Amatironi anatuluka nkhope ili thukuta lokhalokha. Ndinawauza zonse, ndi za choko zomwe. Anamvetsera osaphethira. Nditatha anapukuta manja pa epuloni nthawi yaitali ngakhale anali ouma kale.

"Mukupita liti kukagula nsalu kumzinda?" anafunsa.

"Sukulu zikamatsegulira."

"Tipitira limodzi."

Anapempha masiku ochepa kwa kapitawo wawo, ndipo tinakwera basi tili atatu ndi Kamatironi, yemwe sanandiyankhule ulendo wonse.

Nyumba ya Wabanki ndi yokongola, ya matailosi oterera ndi mipando imene umachita mantha kukhalapo. Chipinda cha Kamatironi chinali kuseri kwa khitchini, chotalika ngati bedi lomwelo, chogawana khoma ndi sinki. Mabuku ake anali pamwamba pa filiji kuti ana asawang'ambe. Wabanki anawakumbatira azakhali ake, kuwanyamula m'mwamba, n'kuuza mapasa kuti, "Awa ndi amene anapanga adadi anu kukhala munthu." Tinamwa zoziziritsa kukhosi. Kenako Amatironi anaika galasi pansi.

"Mwana wanga, ndabwera ndi pempho limodzi. Pezani munthu wa m'mawa, mlongo wakoyu azifika kuchipatala nthawi yake."

Anayankha ndi mkazi wake, mayi a mapasa. Amagwira ntchito ku kampani ya mafoni, amachoka kunyumba m'mamawa n'kubwerako dzuwa litalowa, ndipo maso ake anali otopa ngati a alamu anga omwe. Sanalankhule mwamwano.

"Azakhali, ndinene zoona, mundikhululukire. Wantchito wogona pompano agona pati? Chipinda chake ndi chimene tinapatsa mwana wanu. Woyendera safika m'mawa, amachokera kutali, ndipo amatchula mtengo wina. Ine tsiku lija ndinafunsa, koma bambo awa anali atavomera kale anthu onse akumva. Ine ndikakana ndine mkazi woipa, ndikajomba kuntchito andichotsa. Ndiye ndichite chiyani?"

"Koma azakhali," analowererapo Wabanki, "kuthandiza pakhomo ndi chinthu chachilendo? Ifenso kwanu kuja tinkathandiza."

"Unkathandiza chiyani, mwana wanga?"

Anafunsa mofatsa, ngati akufunadi kukumbutsidwa. Wabanki anayang'ana kudenga.

"Aaa, zambiri. Wailesi ija ndinkakonza ndine. Babu la pakhonde likapsa ndani ankakwera pampando?"

"Nanga mbale?"

"Mbale..." Anakanda kumutu n'kuseka. "Mbale ndinkangozipeza zili pathandala."

Palibe anaseka naye. Chimene chinandiwawa n'choti sankanama. Anakhala m'nyumba ija zaka zonse za koleji yake, ndipo sanaonepo kanthu. Amatironi anamulera bwino kwambiri moti ankaganiza kuti malaya amadzisita okha usiku munthu akagona.

Tinayesa njira zina. Ine ndi Kamatironi tinapita kuofesi ya hositelo, anatiuza kuti pakati pa chaka malo kulibe, ndipo mtengo umene anatchula unali woposa malipiro a alamu anga. Amatironi anaimbira achimwene aakulu.

"Ine ndinanena," anatero iwo. "Ndinati ya kuno ndi yotchipa, inu munafuna zapamwamba. Mbwezeni mwanayo, chaka chamawa adzayambe za bizinesi. Komanso musakasokoneze banja la mwana wanga kumeneko, iye wachita mbali yake."

M'mawa mwake ndinadzuka n'kupeza alamu anga ali kale kukhitchini, atamanga nsalu m'chiuno, phala la ana lili pamoto, mabotolo a mkaka atatsukidwa n'kuyalidwa pa thaulo. Khoti yoyera ija inali pampando, yositidwa.

"Vala uzipita," anamuuza Kamatironi.

"Amayi, nanga ana?"

"Ana ali ndi ine. Iwe wabwera kudzawerenga."

"Amayi, ntchito yanu..."

"Ukuchedwa. Ukufuna ukapezenso makina atazimitsa?"

Mtsikanayo anatuluka akulira, akumanga mabatani panjira. Amatironi anatembenukira kwa ine.

"Alamu, mukafika mukawauze akapitawo kuti ndachedwa."

"Mwachedwa mpaka liti?"

"Mpaka alembe."

"Mayeso a teremu ino?"

"Onse."

Ndinakawauza akapitawo. Anadikira pang'ono, poti ankawakonda, kenako analemba mtsikana wina. Ndalama imene hotela imapereka kwa munthu wogwira zaka zambiri akamapuma, alamu anga anali atatsala pang'ono kuifikira. Ndinauzidwa kuti wochoka yekha osatsanzika salandira. Ndinawaimbira kuwafotokozera, iwo anangoti, "Chabwino," n'kundipempha kuti ndikazimitse filiji kunyumba kwawo.

Mwana wa achimwene apakati uja, amene anali m'chipinda chakuseri, amuna anga anabwera naye kwathu ndi chikwama chake Lamlungu lina masana, ine osafunsidwa. "Ndi pakamwa pamodzi pokha," anatero amuna anga. Ndinamulandira, koma ndinamuonetsa pamene pamakhala tsache, ndipo amuna anga ndinawaonetsa pamene pamakhala sopo wotsukira mbale. Banja linandinena kwa nthawi yaitali kuti ndine wouma mtima, kuti sindingafanane ndi Amatironi. Pamenepo sananame.

Kumzinda ndinkapitako ndikafuna nsalu, ndipo ndinkadutsa kukawaona. Ankagona pansi m'kachipinda kaja, pa kamatilesi kopyapyala kamene masana ankakapinda n'kukalowetsa kunsi kwa bedi. Bedi linali la wasukulu. Ankanyamula mapasa onse awiri pokwera masitepe a ku nazale, wina kumsana wina kutsogolo. Ankakolopa matailosi aja chogwada chifukwa ankati chokolopera cha ndodo chimasiya mizere. Mayi a mapasa ananenepako, nkhope inawala. Ndinawamva tsiku lina akuuza mnzawo pafoni kuti, "Ife tili ndi azakhali, anthu inu, ndi golide." Anawagulira nsapato ndi diresi, ndipo Wabanki ankawabweretsera zipatso Lachisanu. Za malipiro palibe anatchulapo. Munthu ungalipire bwanji azakhali ako? Chingakhale chipongwe.

Alendo akabwera, Wabanki ankawaitana kuchokera kukhitchini. "Bwerani akuoneni. Awa ndi amene anandilera." Iwo ankapereka moni, n'kutolera magalasi pobwerera.

Ndinawafunsa kamodzi, tili awiri pa chingwe choyanikira zovala, ngati sizikuwawawa.

"Zikundiwawa," anayankha, osasiya kufinya thewera. "Mukuganiza kuti ndine mtengo? Koma taonani." Anandilozera pawindo. Kamatironi anali patebulo la m'nyumba, mabuku atayala ponseponse, chithunzi chakuda cha nthiti za munthu atachikweza kumwamba, pambali pake pali kapu ya tiyi imene sanaphike yekha. Aka kanali koyamba m'moyo wake.

Maola anawakwaniritsa. Analemba mayeso a teremu imeneyo, ndi a chaka chotsatira, ndi omaliza, ndipo anakhoza onse. Achimwene aakulu analengeza pamaliro ena, anthu atadzaza, kuti banja lathu latulutsa dokotala wa mafupa, ndipo anafotokoza mmene anasankhira koleji yabwino ngakhale inali yodula. Mayi a mapasa analira tsiku lotsanzikana, n'kupempha kuti azakhali atsaleko pang'ono poti kunali kukubwera mwana wina. Kamatironi ndi amene anayankha. Ananyamula chikwama cha mayi ake n'kukaima nacho pageti mpaka iwo anatuluka.

Amatironi anabwerera kuno akuyenda mopendekera, dzanja limodzi lili m'chiuno. Kuhotela kunalibe malo. Anatulutsa tebulo pakhonde n'kuyamba kusita zovala za anthu a mumsewu mwathu, aphunzitsi, anyamata a kubanki yaing'ono ya pakona, aliyense wofuna kolala yowongoka. Kamatironi anapeza ntchito pachipatala cha m'tauni ina yakutali, kumene akukhala m'chipinda chimodzi cha lendi. Amatumiza kangachepe mwezi ukatha. Atangokhazikika anaitanitsa mayi ake kuti akawaone msana.

Sabata yatha ndinadutsa kwa alamu anga kukasiya madiresi a kwaya ofunika kusita. Ndinawapeza atakhala pa sitepe, simbi ikutentha patebulo, envulopu yaikulu ili pamiyendo.

"Alamu, bwerani muone ntchito ya mwana wanu."

Anatulutsa chithunzi chakuda chija n'kuchilozetsa kudzuwa. Ndinaona mafupa a msana atasanjikizana ngati mabatani. Kumtunda anali ndi mipata pakati pake. Kumunsi mipata inatha, mafupa anagundana, m'mbali mwake mutamera timinga.

"Akuti apa ndi apa zinaperesana," anatero akuloza ndi chala. "Akuti sizibwerera. Mapilitsi basi, ndi kupuma. Adokotala akuti ndisamaimirire nthawi yaitali, ndisamanyamule zolemera, ndisamawerame."

"Ndiye simbiyi?"

Funsolo analidumpha. Anapendeketsa chithunzicho kuti kuwala kudutse bwino.

"Koma taonani mmene akuonekera, lililonse palokhapalokha. Adokotala anamuyamikira ine ndili pomwepo. Akuti ena amajambula kawiri katatu, wodwala n'kumangotembenuzidwa ngati chikwama. Iye anandigoneka bwinobwino, anandiikira kapilo kunsi kwa mawondo, akuti amayi musapume, n'kujambula kamodzi kokha."

Anachibwezera mu envulopu mosamala, kuti chisapindike pakona. Kenako anagwira mzati wa khonde n'kudzikoka pang'onopang'ono mpaka kuima. Analavulira pang'ono pa chala n'kukhudza simbi, inalira.

"Alamu, tandikwezereni beseni ilo patebulo. Pansi sindikufikapo."